Kanema wa pa Chimbiya: ndalama ya pakhomo ikuthera kuti?

Munthu akatsika minibasi pa Chimbiya m'boma la Dedza, oyamba kumulandira ndi mavenda a mbatata ya kachewere, tomato ndi anyezi. Koma akangopatuka pamsewu wa M1 n'kulowera kuseri kwa magolosale, khutu limayamba kumva zina: mfuti zikulira, galimoto zikuphulika, ndipo pamwamba pa phokoso lonselo pali mawu a mnyamata yemwe akulankhula Chichewa chothamanga ngati wolengeza mpira pawayilesi. Imeneyo ndi sipika ya nyumba ya vidiyo, yomwe mwini wake amaipachika dala panja kuti iziitana anthu.

Nyumba zoterezi n'zofanana pafupifupi pamsika uliwonse m'dziko muno. Chimakhala chipinda chimodzi cha malata, mazenera otsekedwa ndi makatoni, mabenchi a matabwa, nsalu yakuda pakhomo, ndipo panja pali bolodi lolembedwa ndi choko: filimu yakuti nthawi yakuti, mpira wakuti madzulo. Pakhomopo pamaima mnyamata wotolera ndalama. M'miyezi ya June ndi July, pomwe mphepo ya ku Dedza imalowa mpaka m'mafupa, m'chipindamo mumafunda ndi mpweya wa anthu, moti ena amalowamo pongothawa chisanu.

Akatswiri akamakamba za luso la mafilimu m'Malawi, kawirikawiri amadandaula kuti dziko lino likusowa nyumba zoonetseramo kanema. Akunena zoona ngati akuganiza za nyumba za mipando ya wofuwofu monga za ku Johannesburg kapena ku Lagos. Koma ngati nyumba ya kanema ndi malo omwe anthu amalipira pakhomo kuti aonere filimu pamodzi mumdima, ndiye kuti Malawi ali nazo zambirimbiri, ndipo zili pa Chimbiya, pa Lizulu, pa Mitundu, pa Jenda ndi m'misika ina yonse. Vuto lagona poti ndalama yotoleredwa pamakomo amenewa siifika m'thumba mwa yemwe adapanga filimuyo, ndiponso adindo amakumbukira nyumbazi pokhapokha pakamveka dandaulo la ana ojomba kusukulu.

Adabwera pa lole

Kumidzi kanema adafika atakwera lole. Pakati pa 1935 ndi 1937, azungu ena omwe likulu lawo lidali ku Tanganyika adayendayenda m'maiko a m'chigawo chino, kuphatikizapo Nyasaland, kuonetsa mafilimu ophunzitsa anthu akuda zaulimi, zaumoyo ndi kasungidwe ka ndalama. Ntchitoyo inkatchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Mu 1948 kudabadwa bungwe la Central African Film Unit, lomwe linkapangira mafilimu ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare, n'kumawatumiza ku Nyasaland ndi ku Rhodesia konse kuwiri mpaka chitaganya chidatha mu 1963. Ambiri mwa mafilimuwo adali opanda mawu, choncho pambali pa nsalu pankaima munthu wofotokozera khamu zomwe zikuchitika m'chinenero chawo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mwambowo udapitirira. Anthu omwe lero ali ndi imvi amakumbukira galimoto za nthambi yofalitsa nkhani ndi za alangizi a zaulimi zikufika pabwalo la sukulu dzuwa likulowa. Ankakunga nsalu yoyera, kuliza jenereta, ndipo mudzi wonse unkakhala pansi kuonera Kamuzu akuyendera mbewu, kapena mlimi wachitsanzo akuthira feteleza. Pambuyo pake mipingo nayo idayamba kuyenda ndi filimu ya Yesu ya mu 1979, yomwe idamasuliridwa m'Chichewa. Zonsezi zidali zaulere, ndipo zonse zidali ndi cholinga chophunzitsa. Wosankha filimu adali mwini galimoto.

Nyumba zenizeni za kanema, monga Apollo ya mumzinda wa Blantyre, zidali za m'tauni, za anthu apantchito ndi ana awo. Filimu iliyonse inkayamba yadutsa m'manja mwa bungwe lounika zosangalatsa la Censorship Board, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968, ndipo mbali zomwe akuluakuluwo ankaziona kuti n'zosemphana ndi chikhalidwe kapena ndale za nthawiyo zinkadulidwa. Wayilesi ya kanema kudalibe mpaka mu 1999 pomwe TVM idatsegulidwa. Munthu wa pa Chimbiya ankasangalala ndi gule, chimtali, bawo, mpira wa pabwalo la sukulu ndi masewero a pa MBC monga Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Mwa apo ndi apo ankamva kuti Izeki ndi Jakobo a gulu la Kwathu kapena Du Chisiza Jr ndi Wakhumbata afika paboma.

Deki idasintha zonse

Zinthu zidatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, malonda adamasuka, ndipo anthu obwera kuchokera ku Joni ndi ku Dar es Salaam ankafika ndi madeki a matepi ndi ma TV. Aliyense wokhala ndi chipinda, batire ya galimoto kapena jenereta yaing'ono adasanduka mwini kanema. Mbadwo wonse udakula ndi Rambo, Commando, Chuck Norris, Bruce Lee, Van Damme ndi Jet Li. Ana ankatuluka m'vidiyo akuponya makateni m'malere, ndipo Chichewa chidalandira mawu atsopano: mwini filimu, yemwe aliyense amadziwa kuti safa ngakhale adani atachuluka motani.

Kwa nthawi yoyamba munthu wakumudzi adayamba kulipira kuti aonere zomwe wazikonda yekha. Eni nyumba zazikulu za m'tauni ndiwo adalira. Apollo idasiya kukhala malo oonera mafilimu tsiku ndi tsiku, ndipo Cine City, yomwe idadzayesa mwayi wake pa Chichiri mumzinda womwewo wa Blantyre, nayo idatseka. Tizipinda ta malata tidatsala tili chiimire.

Kenaka kudabwera a ku Nigeria. Luso lawo la mafilimu a pa tepi lidaphulika ndi Living in Bondage mu 1992, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 lidali litasefukira kuno. Osuofia in London ya mu 2003, tianyamata tiwiri tovuta tija Aki ndi Pawpaw, Patience Ozokwor m'malo a apongozi ankhanza, onsewa adakhala ngati anthu a m'mudzi momwemo. Mafilimuwa adakoka amayi ndi atsikana omwe nkhonya za Chuck Norris sizinkawakhudza, chifukwa nkhani zake zidali za mitala, ufiti, chuma cha masiye ndi abusa achinyengo. Phunziro lidali poyera: Mmalawi amalipira mosanyinyirika akaona pa sikirini anthu ofanana naye, ovutika ndi zomwe iye amavutika nazo.

Phunziro lachiwiri lidabwera ndi ma DJ omasulira mafilimu. Achinyamata a m'matauni, ali ndi kompyuta ndi maikolofoni basi, adayamba kutenga mafilimu a ku China, India, Korea ndi America n'kumaikamo mawu a Chichewa. Kumasulira kwake si kwa m'kalasi. Msilikali wa ku Hong Kong amapatsidwa dzina la kwa Kachere, nthabwala zimalowa pomwe mwini filimu akulira, ndipo pakati pa nkhondo DJ amatha kupereka moni kwa mwini shopu yomwe imagulitsa zimbale zake. Ku Uganda anthu otere amawatcha ma VJ, ndipo ku Tanzania kudatchuka malemu Derek Mukandala, yemwe ankadziwika ndi dzina loti Lufufu. Ndi mdzukulu wa munthu uja ankaima pambali pa nsalu m'nthawi ya atsamunda, kungoti uyu sadatumidwe ndi boma.

Kumbali ya malamulo, ntchito ya ma DJ njokhota chifukwa eni mafilimuwo sapemphedwa chilolezo. Komabe palibe angatsutse kuti anyamatawa adachita zomwe ophunzira ambiri adalephera: adachotsa chipupa cha Chingelezi, moti gogo yemwe sadapondeko m'kalasi amatsatira filimu ya magawo 40 osaphonya kanthu.

Mmene ndalama imayendera kwina

Malonda a kanema adayamba pa 28 December 1895 mumzinda wa Paris, pomwe abale awiri a banja la Lumière adalipiritsa anthu pakhomo kuti aonere zithunzi zoyenda. Kuyambira pamenepo khomo ndilo lakhala mtima wa malondawa. M'maiko momwe zinthu zili m'malo mwake, tikiti iliyonse imawerengedwa, ndipo ndalama yake imagawidwa, pafupifupi theka kwa mwini nyumba, theka kwa ofalitsa ndi opanga filimu. Filimu yatsopano imayamba yakhala m'nyumba za kanema zokha kwa milungu ingapo isanapite pa TV kapena pa intaneti. Wofuna kuionera msanga alipire.

A ku Nigeria adazindikira izi atatopa ndi akuba omwe ankakopera zimbale zawo. Kampani ya Silverbird idatsegula nyumba zamakono za kanema ku Lagos mu 2004, ena n'kutsatira, ndipo kumayambiriro kwa 2024 filimu ya Funke Akindele yotchedwa A Tribe Called Judah idakhala yoyamba ya m'dzikomo kupyola ndalama zokwana 1 biliyoni naira kuchokera pamatikiti okha. Sikuti malondawa ndi ofewa. Mliri wa Covid-19 udatseketsa nyumba za kanema padziko lonse mu 2020, anthu n'kuzolowera Netflix, ndipo kampani yaikulu ya ku South Africa ya Ster-Kinekor idagwada ndi ngongole mpaka kulowa m'ndondomeko ya lamulo yopulumutsira makampani mu January 2021. Koma ngakhale zili choncho, kumeneko wopanga filimu amadziwa kuti ndi anthu angati adaonera ntchito yake, ndipo amalandirapo gawo lake.

Kuno luso lilipo, ndipo umboni wake ndi mphoto. Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life, kenaka The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, yomwe idakhala filimu yoyamba kuimira Malawi pampikisano wa Oscar. Joyce Mhango Chavula adapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Fatsani ya Gift Sukali nayo idatumizidwa ku Oscar. Koma njira ya filimu ya Chimalawi njaifupi momvetsa chisoni. Amaikhazikitsa usiku umodzi m'holo ya hotela kapena ku BICC ku Lilongwe, anthu atavala masuti, mwina n'kukaibwereza ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Zikatero yatha. Pakapita milungu yochepa ili pa YouTube kapena m'makompyuta a anyamata okopera nyimbo pamsika, omwe amaithira m'foni ya aliyense pamtengo wa chitumbuwa.

Mwini vidiyo wa pa Chimbiya akaipeza filimuyo amaionetsa, anthu n'kulipira pakhomo. Mwininyumba amalandira lendi, wogulitsa petulo amalandira yake, wokopera uja adalandira kale. Wolemba nkhaniyo, wojambula ndi ochita sewero ndi okhawo omwe amatuluka chimanjamanja. Walira mvula walira matope, inde, koma apa matope akugwera yemwe adalima, dzinthu n'kumadya ena.

Zotsatira zake n'zoti opanga mafilimu ambiri amathamangira ku mabungwe omwe si aboma, ndipo wopereka ndalama ndiye amasankha mutu: edzi, nkhanza za m'banja, maukwati a ana, kusamala mitengo. Mitu yonseyi njofunika. Koma filimu yopangidwa kuti ikondweretse wolemba lipoti ku likulu imakhala ngati ija ya pa lole, yophunzitsa anthu omwe sadafunsidwe ngati akufuna phunzirolo. Ikalowa m'vidiyo ya pamsika, anyamata amayamba kukuwa kuti isinthidwe.

Palinso nkhani ya chinenero, yomwe opanga mafilimu sakonda kuimva. Ena mwa mafilimu opambana mphotowa ali ndi Chingelezi chambiri, poti amapangidwa ndi diso loyang'ana mipikisano yakunja. Choncho mlimi wa kachewere akapatsidwa mwayi wosankha pakati pa filimu ya Chimalawi yolankhula Chingelezi ndi filimu ya ku China yolankhula Chichewa, amasankha ya ku China, ndipo palibe chomudzudzulira.

Chitsanzo chowawa ndi The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Chiwetel Ejiofor adaijambulira konkuno, mbali yaikulu m'Chichewa, ndipo idatuluka pa Netflix mu March 2019. Dziko lonse lapansi lidaionera. Koma kalembera wa mu 2018 adaonetsa kuti mwa mabanja 100 aliwonse m'Malawi, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira magetsi a Escom, ndipo pafupifupi 12 ndiwo adali ndi TV. Netflix imafuna intaneti yamphamvu ndi njira yolipirira mwezi ndi mwezi. Kwa anthu ambiri omwe filimuyo ikukamba za moyo wawo, njira yapafupi yoionera idali kope lokopera m'chipinda cha malata.

Mpira ndiwo wagwira denga

Lero nyumba ya vidiyo nayo ili pampanipani. Mdani wake wamkulu ali m'thumba mwa kasitomala. Mafoni otsika mtengo okhala ndi sikirini yaikulu adzaza, ndipo memori khadi imodzi imanyamula mafilimu omwe kale ankadzaza shelefu. Wakabaza akamadikira makasitomala amaonera gawo lake ali panjinga. Makampani ogulitsa zipangizo za sola pangongole afikitsanso TV m'nyumba zomwe waya wa Escom sudafikeko. Munthu yemwe ankalowa m'vidiyo katatu pamlungu tsopano amaonera kunyumba ali m'bulangete.

Chomwe foni yalephera kulanda ndi mpira. Masewero a Premier League ya ku England amafika Loweruka ndi Lamulungu masana ndi madzulo, pomwe a Champions League amayamba cha m'ma 9 kapena 10 koloko usiku mkati mwa mlungu. Mpira sukoma kuonera wekha, ndipo kope la dzulo lilibe ntchito. Tsiku lomwe Arsenal ikukumana ndi Manchester United, mabenchi amadzaza mpaka ena kukhala pansi kutsogolo, mtengo wa pakhomo n'kukwera. Kubetcha kwawonjezera moto: ambiri amalowa atagwira kapepala m'manja, ndipo amakuwira timu ya ku Italy kapena ku Spain yomwe sakudziwa ngakhale mzinda wake.

Usiku wa pa 25 January 2022 udaonetsa kufunika kwa tinyumbati. Namondwe wa Ana adali atangoononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo madera ambiri adali mumdima. Tsiku lomwelo Flames inkasewera ndi Morocco mundime ya matimu 16 ya mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Cameroon. Chigoli chija Gabadinho Mhango adachimenya ali kutali, anthu ochuluka adachionera pomwe padali jenereta kapena sola, ndipo m'misika malo oterowo ndi vidiyo ndi bala. Malawi idagonja 2-1, koma omwe adali m'zipindazo sadzaiwala mmene denga lidagwedezekera.

Komatu mpira ndi wodula kuusunga. Dishi ndi dikoda zimafuna kulipiridwa mwezi uliwonse, ndipo mtengo wake umatsatira dola. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Magetsi akathima pamafunika petulo, yemwe m'zaka zapitazi wakhala akusowa mpaka kugulidwa m'zigubu pamtengo wa wafawafa. Mu August 2023 kampani ya MultiChoice idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi itasemphana ndi bungwe la Macra pankhani yokweza mitengo. Mkanganowo udatha kumapeto kwa chaka chomwecho, koma udaonetsa eni mavidiyo kuti malonda awo apachikika pa ulusi womwe nsonga yake ili kunja kwa dziko. Ndalama yaikulu ya pakhomo imathera kumeneko.

Ndipo sangakweze mtengo mmene angafunire. Makasitomala ake ndi aganyu onyamula matumba, akabaza, anyamata othandiza m'malole ndi ana asukulu. Mabala nawo ali ndi ma TV akuluakulu, ndipo kumeneko mpira ndi waulere kwa wogula botolo. Vidiyo yatsala ngati malo a omwe samwa, a omwe alibe ya botolo, ndi a omwe msinkhu wawo sulola kulowa m'bala.

Nanga ana?

Apa ndi pomwe pagona mkwiyo wa makolo, ndipo mkwiyowo uli ndi maziko. Aphunzitsi m'madera ambiri akhala akudandaula za ana omwe amanyamuka kunyumba atavala yunifolomu n'kukathera m'vidiyo, malaya ali m'chikwama. Ndalama yolowera ena amaipeza pa ganyu, ena amatapa chimanga kapena soya m'nyumba. Pali eni mavidiyo ena, osati onse, omwe usiku ukakula amaika zolaula osayang'ana kuti pabenchi pakhala ndani. Mtsikana wotuluka m'vidiyo 11 koloko usiku ali ndi ulendo wamdima wobwerera kwawo. Kholo lomwe likufuna kuti nyumbazi zitsekedwe silikulota.

Malamulo alipo kale. Lamulo la zamaphunziro la mu 2013 limati mwana aliyense ayenera kukhala pasukulu ya pulayimale. Lamulo lija la mu 1968 limafuna kuti malo oonetsera mafilimu akhale ndi chiphaso, ndipo kuonetsa zolaula ndi mlandu. Mafumu ambiri adaikanso malamulo a m'midzi oletsa ana kulowa m'vidiyo nthawi ya sukulu. Chomwe chimachitika n'chakuti apolisi ndi akhonsolo amachita chipikisheni kamodzi, kulanda ma TV angapo, ndipo pakatha mwezi zonse zimabwerera mwakale.

Mkangano umenewu si wachilendo. Ku America, kanema adafalikira kudzera m'tizipinda ta m'mashopu totchedwa nickelodeon, tomwe tidayamba kutchuka ku Pittsburgh mu 1905. Tidali ta mabenchi, todzaza utsi, tolowera masenti asanu, ndipo makasitomala ake adali amphawi ndi ana. Atsogoleri a mipingo adadandaula ndendende ngati mmene makolo a kuno akudandaulira, mpaka pa 24 December 1908 meya wa New York, George McClellan, adalanda ziphaso za nyumba zonse zoterozo mumzindawo. Khoti lidazitsegulanso pasanathe masiku, ndipo chaka chotsatira kudakhazikitsidwa bungwe lounika mafilimu. Ena mwa eni tizipindato, monga Carl Laemmle, William Fox ndi abale a banja la Warner, ndiwo adadzayambitsa makampani akuluakulu a ku Hollywood.

Izi sizikutanthauza kuti pa Chimbiya padzamera Hollywood. Zikungoonetsa kuti kutseka si mankhwala. Masiku ano mwana wothamangitsidwa m'vidiyo amakaunjikana ndi anzake pafoni kuseri kwa kalasi, komwe kulibe wamkulu woona zomwe akuonera. Vidiyo ili ndi khomo limodzi, bolodi lomwe aliyense amawerenga, ndi mwini wake yemwe mfumu, komiti ya sukulu ndi wapampando wa msika amamudziwa dzina ndi kwawo. Pa zosangalatsa zonse zomwe mwana wa lero amakumana nazo, iyi ndiyo yosavuta kuiyang'anira. Chofunika n'chakuti chiphaso chikhale ndi mfundo zomveka: mwana asalowe nthawi ya sukulu kapena usiku, bolodi lizinena msinkhu woyenera filimu iliyonse, chipinda chikhale ndi khomo lachiwiri lothawira moto, ndipo jenereta ikhale panja, kutali ndi anthu. Wophwanya alandidwe chiphaso, wosunga asavutitsidwe.

Kulumikiza khomo ndi wopanga

Ngati nyumbazi zingalembedwe m'kaundula chifukwa cha ana, kaundula yemweyo angathandizenso opanga mafilimu. Bungwe la Cosoma, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, lili ndi mphamvu pansi pa lamulo la umwini wa luso la mu 2016 zotolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito luso la ena pamalonda. Opanga mafilimu ali ndi bungwe lawo la Film Association of Malawi. Akhonsolo amadutsa kale pamsika kudula ziphaso. Airtel Money ndi Mpamba zili pakhonde lililonse. Zipangizo zonse zilipo, changosowa ndi wozilumikiza.

Koma kubwera ndi chikwapu chokha sikungaphule kanthu. Mwini vidiyo yemwe akulimbana ndi dikoda ndi petulo sangalipire chinthu chomwe angachipeze mwaulere kuseri kwa msika. Ayenera kupatsidwa chomwe wokopera alibe, ndipo chimenecho ndi kukhala woyamba. Filimu yatsopano ya Chichewa itamafika m'mavidiyo olembetsa mlungu womwewo yakhazikitsidwa ku Lilongwe, isanaikidwe pa YouTube, pamtengo wochepa wa pamwezi, mwini vidiyo angakhale ndi cholemba pabolodi Lachiwiri masana pomwe kulibe mpira. Mwachitsanzo chabe, nyumba 500 zitati zizipereka K2,000 iliyonse, pamwezi pangatuluke K1 miliyoni. Si chuma chodabwitsa, koma n'choposa zomwe wopanga filimu akulandira panopa kuchokera kumakomo amenewa, zomwe ndi zero.

Zoopsa zake zilipo. Kope limodzi likangotuluka, mawa lili m'foni iliyonse, choncho mwayi wokhala woyamba ndi wa masiku ochepa. Apa oimba ndi azisudzo ali ndi phunziro. Iwo adaona kalekale kuti chimbale chimabedwa koma munthu sabedwa, n'chifukwa chake amayenda m'maboma kukaimba ndi kukachita masewero pamaso pa anthu. Ochita sewero awiri kapena atatu atafika pa Chimbiya tsiku la msika, n'kuima pakhomo la vidiyo filimu yawo ikuonetsedwa, mzere ungafike kumsewu. Ma DJ nawo, m'malo mowasaka ngati mbava, angalembedwe ntchito yoika Chichewa m'mafilimu a Chimalawi omwe adapangidwa m'Chingelezi, poti anthu amawakhulupirira kale ndipo amasankha filimu potengera dzina la womasulira.

Nthawi yoyesera zoterezi imadziwika. Kuyambira April mpaka August, soya, mtedza, nyemba ndi chimanga zikamalowa pamsika, malole a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amaima pa Chimbiya mpaka usiku, ndipo ngakhale waganyu amakhala ndi kenakake m'thumba. Premier League imapuma kumapeto kwa May n'kudzayambanso mu August. Kupatula zaka za mipikisano ikuluikulu monga World Cup, miyezi iwiri yapakatiyo ndi yomwe anthu ali ndi ndalama koma mwini vidiyo alibe mpira woti alembe pabolodi, ndipo pakadali pano mpatawo amautseka ndi mafilimu a ku China ndi ku India omasuliridwa ndi ma DJ.